Kilachi ya Njati

Tinanyamuka pakhomo pa achimwene, kumudzi kwathu kuseri kwa Mualadzi, nkhuku zitangotsika m'mitengo. Munali mu Agosto, mphepo ikulasa m'mafupa, ndipo ine ndinali nditangofika kumene kuchokera ku Tete, komwe ndimaphunzitsa, kudzapuma tchuthi. Kupuma kwake kunali kumeneko: kudzutsidwa tulo tisanathe, kumwa tiyi choimirira, n'kukwera galimoto yosenza matumba a chimanga ofika msinkhu wa denga la nyumba.

Galimotoyo anthu amaitcha Njati. Ndi pikapu yakale ya dizilo imene achimwene anga, a Zakariya, amanyamulira anthu ndi katundu kuchoka kumidzi kukafika ku Cassacatiza, pa malire a Zambia. Chaka chatha anaona kuti yafooka, ndiye anachotsa injini yake n'kuikamo ya kalole kena kamene kanagubuduzika, nawonjezera masipuling'i kumbuyo. Mphamvu zinabweradi, zochita kusefukira. Koma kilachi, mbale ija imalumikiza injini ndi magiya, inatsala yakale yomweyo, ndipo injini yatsopanoyo inkangoiwotcha. Ulendo wathu unali wokagula kilachi yamphamvu ku Katete, tsidya la Zambia. Wogula ndinali ine, chifukwa ndinalonjeza ndekha pa foni tsiku lina nditangolandira malipiro, mtima ukukoma.

Achimwene alibe mwendo wamanzere kuyambira m'munsi mwa bondo. Anaponda bomba lokwirira chaka chimene tinabwerera kuchokera ku Zambia, kumene tinathawira nkhondo, akulambula munda wa malemu bambo athu. Ine ndinali kamtsikana, koma sindiiwala zaka zimene anakhala pakhonde akuluka mphasa, maso pansi, moni akuyankha ndi mutu. Kenako anapeza mwendo woikirira, patapita nthawi n'kupeza galimoto. Munthu amene anatsika pakhonde paja n'kukakhala pa chiwongolero anali wina: woseka, wovuta, wosatha mawu.

Dzulo lake la ulendowu alamu anga, akazi awo, anandikokera kuseri kwa nkhokwe ngati tikukaona nkhuku yoikira. Anayamba ndi madandaulo a masiku onse, za mbewa, za mitengo ya sopo, za akuba a m'mudzi muno amene anafika poba mpini wa khasu lawo n'kusiya khasulo. Kenako anatsitsa mawu.

"Alamu, amesitiri okonza galimoto anati kuli kilachi ina yolimba, yofuna mwendo wa mnyamata. Mukagule imeneyo. Akalephera kuiponda alemba motorista, wina woyendetsa galimoto, iwo azikhala pambali. Chitsa cha mwendo chija chikutuluka magazi, ndine ndimachapa nsalu zake."

Ndinavomera pomwepo. Matenda athu aphunzitsi ndi amenewo, timadziwa chothandiza munthu aliyense kuposa mwini wake.

Njira yotuluka m'mudzi ndi yamchenga ndi zigwembe, yofuna kusintha giya mobwerezabwereza. Ndinkawayang'ana achimwene cham'mbali. Akaponda kilachi ndi mwendo woikirirawo nsagwada zinkalimba, koma pakamwa likhweru osasiya. Tinatola anthu m'njira: amayi ena a nkhuku m'chitete, bambo wa njinga yothyoka foloko, nkhalamba ina yovala majekete awiri, ndi ena amene ndinangoona miyendo yawo ikukwera pamwamba pa matumba. Aliyense ankalipira mametikali zana ndi makumi asanu kukafika pa msewu wa tara. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mwamuna aliyense ankakwera atanyamula mwala waukulu ngati dzungu. Nditafunsa, achimwene anati imeneyo ndi tikiti yachiwiri, ndidzaona ndekha ntchito yake.

Titadutsa nyumba zomaliza, anaimika galimoto pansi pa mkuyu waukulu. Ndinkayesa akufuna kukataya madzi. M'malo mwake anakwinya buluku mpaka m'bondo, namasula malamba, nazula mwendo.

"Gwira, Roza."

Ndisanatsegule pakamwa, mwendo wa achimwene unali pamiyendo panga, utavala sokosi ndi nsapato. Iwo anapisa dzanja kuseri kwa mpando n'kusolola mpini wa khasu, wosalala ndi thukuta, kunsonga kwake kuli kachitsulo kopindika. Kachitsuloko anakakoletsa pa chopondera cha kilachi. Anakankha mpini ndi dzanja lamanzere, naukoleka pa ngowe imene anaiwotcherera pansi pa chiwongolero, nalowetsa giya ndi dzanja lomwelo, nauchotsa pa ngowepo, n'kuubweza pang'onopang'ono. Njati inanyamuka mosadzidzimutsa ngakhale nkhuku za m'chitete zija.

Ndinangoti kakasi, kukamwa kuli yasa. Mawu atabwerera, anabwera onse nthawi imodzi. Ndinawakalipira achimwene anga, munthu wa imvi, ngati mwana wa kalasi yoyamba. Ndinawafunsa ngati mutu ukuyenda bwino, ngati akudziwa kuti anyamula miyoyo ya anthu, ngati anthu ali kumbuyowo akudziwa kuti akuyendetsedwa ndi mpini wa khasu. Iwo anangoloza kawindo ka kumbuyo ndi chala chachikulu kuti ndifunse ndekha. Ndinatsegula n'kufunsa amayi a nkhuku aja.

"Mpiniwo? Tinauzolowera, amayi," anayankha akukonza mpango. "Bola mpini kusiyana ndi anyamata onunkha kachasu aja."

Ndiye kuti msewu wonse unkadziwa, kuyambira ogulitsa makala mpaka ana oweta mbuzi. Osadziwa tinali awiri okha, mkazi wawo ndi mlongo wawo. Achimwene anandiuza kuti anayamba zimenezi mvula yapitayi, chitsa chitatupa, ndipo anapeza kuti dzanja limamva kilachi bwino kuposa mwendo umene sumva kanthu. Koma amavala mwendowo potuluka ndi polowa m'mudzi, kuyambira pakhomo mpaka pa mkuyu, kuti aoneke ngati motorista wina aliyense.

"Mlamu wako akauona mpiniwu, makiyi akaponya m'chimbudzi," anatero. "Ine pakhonde paja sindibwererapo, Roza."

Ndinayang'ana chitsa cha mwendo chimene anachikulunga ndi nsalu. Pansaluyo panali dontho la magazi lofiira, la m'mawa womwewo. Ndinangofungatira mwendo wa eni ake n'kumayang'ana kutsogolo.

Dzuwa litakwera pang'ono tinafika pa mtsinje wina wouma, wa magombe otsetsereka mbali zonse ziwiri, malo amene anthu anawatcha pa Tsikani. Kutsika tinatsika bwino. Pokwera tsidya linalo ndi pamene ndinaona zimene sindinazionepo. Injini inabangula mpaka mpando kunjenjemera, koma galimoto inkangocheperachepera liwiro. Mkati munadzaza fungo ngati la nsapato yogwera pamoto. Tinaima pakati pa chitunda, injini ikubangulabe, kenako ndinaona mitengo ikupita kutsogolo. Tinali kubwerera chambuyo, ndi chimanga chonse chija, ndi anthu pamwamba pake.

Ndinapemphera m'Chiputukizi ndi m'Chichewa mosakaniza, nditakumbatira mwendo uja ngati khanda. Kunja ndinamva mapazi akudumpha, kenako gu, gu, miyala ija ikulowa kuseri kwa matayala. Galimoto inaima. Amayi a nkhuku anatsika mosafulumira, namanga chitenje, nayamba kukankha pamodzi ndi amuna ngati akupita kumadzi. Panalibe wokuwa. Wamantha ndinali ndekha, munthu wa mu mzinda, ndipo nkhalamba ya majekete awiri inandisuzumira pawindo n'kunena kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Pomaliza tinafika pamwamba. Mumtima ndinati alamu akunena zoona, zimenezi zithe.

Pa tara tinafika cha m'ma teni. Tinatsitsa chimanga kwa wogula wina wa sikelo yopachika pamtengo, ine n'kugula masawu a mametikali khumi kuti ndichotse kuwawa mkamwa. Kuchokera apo msewu ndi wa malole aataliatali opita ku Zambia, amene akakudutsa galimoto yonse imapendama. Achimwene ankasintha magiya ndi mpini wawo akuimba, dzanja lamanja lili pa chiwongolero, ndipo ndiyenera kunena chilungamo: sindinamve giya ikukhadzula mano ngakhale kamodzi.

Ku Cassacatiza tinafika dzuwa lili pamutu. Amesitiri Bonifasiyo, makaniko amene anaika injini ija, amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mabenchi a malonda. Anakwawira pansi pa Njati, ife n'kukakhala pa chiwaya kudya nyama ya mbuzi ndi chinangwa chokazinga. Dzuwa litapendeka anatulutsa mbale ya kilachi n'kuiponya pamapazi athu. Inali yakuda, yosalala ngati galasi, misomali yake ili pamtunda. Anati embrayaje imeneyo, kutanthauza kilachiyo, sinafe ndi ukalamba, yaphedwa, ndipo tipite nayo kuti ogulitsa akaone kukula kwake. Ndinaikulunga m'chitenje. Achimwene anavala mwendo wawo, koma mpini anauika m'thumba la saka n'kuunyamula.

Njati tinaisiya pomwepo, magiya ali pansi. Tinadinditsa mapepala athu pa chipata cha malire, tinasintha ndalama kwa anyamata oima ndi mipukutu m'manja, n'kukwera kagalimoto kakang'ono kopita ku Katete pa makwacha zana munthu mmodzi. Kagalimotoko n'ka anthu anayi, koma tinalowamo asanu ndi awiri. Woyendetsa ataona kuti chitseko chikukana kutsekeka, achimwene anamuuza kuti adikire, nazula mwendo, naupereka kuti ukakhale m'buti pamodzi ndi matumba a nyemba. Mayi wina amene anakhala pambali pawo anakuwa n'kubisa nkhope. Achimwene anamutonthoza kuti asadandaule, mwendowo wakwera ulele. Msewu wake ndi wa maenje oti mbuzi n'kubisalamo, ndipo tinafika ku Katete kukuyamba kuda. Tinagona kwa msuweni wathu amene anakwatiwa komweko nthawi ya nkhondo.

M'mawa tinapita ku sitolo ya zitsulo za galimoto imene amesitiri anatiuza. Mwini wake ndi amayi Tembo, mzimayi wamkulu thupi, wa magalasi olendewera pa chingwe. Anafunsa kuti ndi galimoto yanji. Achimwene anayankha kuti zitengera mbali imene akufunsa: thupi ndi la pikapu, injini ndi ya kalole, magiya anachokera mu minibasi. Amayiwo anavula magalasi, natiyang'ana, nanena kuti galimoto ya abambo atatu ngati imeneyo safunsa dzina, amawerenga mano. Anamasula chitenje changa, nawerenga mano a pakati pa mbale yakaleyo, nayeza kukula kwake, nalowa mkati. Anabwera ndi makatoni atatu.

Yoyamba inali yofanana ndi yakufayo. Anati ndi yofewa, yotchipa, ndipo ndi injini imeneyo tidzabweranso mvula isanagwe. Yachiwiri inali ndi mbale yokhuthala ndi chitsulo chopanikiza champhamvu kwambiri, chimene kwathu amakaniko amati prensa. Imeneyo anati siterereka ngakhale mutasenza nyumba, koma chopondera chake n'cholimba, oyendetsa amatsika akutsimphina. Yachitatu inali yachilendo. M'malo mwa mbale yathunthu inali ndi zigamba zisanu ndi chimodzi zolimba ngati phale. Anati imeneyo imagwira ndi zigambazo, sidalira kupanikiza kwambiri, choncho chopondera chimakhala chofewa. Vuto lake ilibe ulemu. Simagwira pang'onopang'ono, imangoti gwi ngati galu woluma, ndipo ambiri amene anaigula anabwera kudzatukwana.

Mitengo yake ndisaitchule, ndingayambenso kudwala. Ndinafunsa kawiri ngati akunena makwacha kapena mametikali. Koma maso anga anali pa yachiwiri ija, ya mwendo wa mnyamata, imene alamu anandituma.

Zinangochitika kuti panja panaima pikapu ya bambo wina wonyamula njerwa, amene anaikitsa kilachi ya mtundu wachiwiri womwewo. Amayi Tembo anamupempha kuti tiyese chopondera chake. Ndinayamba ndine. Ndinaponda, osatsika. Ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri, n'kunyamuka pampando, ndi pamene chinatsika monyinyirika. Kenako analowa achimwene. Anatulutsa mpini m'saka muja anthu onse akuona, naukoletsa, nakankha. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Mkono umene umanyamula thumba la chimanga wokha unayamba kunjenjemera. Anafikitsa pansi kamodzi. Kachiwiri analekera pakati. Thukuta likuyenderera m'mphepo yozizira ija, anatsika n'kubwezera mpini m'saka.

"Titenge yomweyi," anatero.

Ndinayesa ndamva molakwa. Ndinawauza kuti aona okha kuti sangaithe.

"Si imeneyi anakutuma mlamu wako? Nkhokwe ilibe khoma, Roza. Ndinali mbali inayo ndikunola chikwanje." Anayang'ana pansi. "Mwina akunena zoona. Pa Tsikani dzulo unaona wekha. Ndipeza mnyamata."

Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kuzala. Ndiye kuti njira yonseyi, akuimba, akundiseka, akundipatsa mwendo kuti ndigwire, ankadziwa chimene ndanyamula mumtima. Koma chimene chinandiopsa kwambiri si manyaziwo. Ndi nkhope yawo. Inali nkhope ya pakhonde ija, imene sindinaione zaka zambiri, ndipo inabwerera msangamsanga ngati sinapite kutali.

Tinalowanso mu sitolo. Amayi Tembo anali atayamba kale kumanga katoni yachiwiri. Ndinawaimitsa, n'kuwapempha kuti abwereze za yachitatu ija. Anabwereza zomwezo: imagwira mwadzidzidzi, imafuna phazi lodekha kwambiri, lodziwa pamene iyambira kuluma, ndipo ikaikidwa sabweza. Anawonjeza kuti imadya pang'onopang'ono chitsulo cha kumbuyo kwa injini, ndipo ngati mwini galimoto ali wadyera pa katundu, kilachi ikakana kuterereka chimathyoka ndi china. Ine ndinkamva ndi khutu limodzi. Ndinkaganiza za nkhuku za m'chitete zija, zimene sizinadzidzimuke pa mkuyu paja.

"Timangireni ya zigambayo," ndinatero.

Achimwene anati ndisachite zinthu ndi mkwiyo. Amayi Tembo anandifunsa ngati ndamvetsa kuti sabweza. Ndinati ndamva. Kunena zoona sindinkadziwa chimene ndikuchita, koma ndalamazo ndinapereka. Tinagulanso kabering'i kake, chifukwa anati kuika kilachi yatsopano pa bering'i yakale kuli ngati kusamba n'kuvala zakuda zomwezo.

Tinabwerera ndi kagalimoto kena pa msewu wa maenje womwe uja, katoni ili pamiyendo panga. Ku Cassacatiza amesitiri Bonifasiyo anatsegula katoniyo, nayang'ana zigambazo, nandiyang'ana ine, napukusa mutu. Anati iwo anatuma anthu kukagula ng'ombe, abwera ndi nyalugwe. Komabe anapala chitsulo cha kumbuyo kwa injini mpaka kuyera, nayamba kumanga. Ntchito inatha m'mawa mwake, ife titagona pa nyumba ina ya alendo ya mametikali mazana atatu, ya nsikidzi zaulere.

Woyamba kuyesa anali amesitiri eni ake. Analiza injini, nalowetsa giya, nanyamula phazi. Njati inalumpha ngati ng'ombe yolumidwa ndi mavu, inagunda benchi la mayi wogulitsa masawu, n'kuzima. Masawu anamwazika mpaka pamsewu. Anayesanso, inalumphanso, n'kuzimanso. Anatsika akupukuta manja.

"Dona pulofesora, amayi aphunzitsi, mwagula chilombo. Ichi palibe motorista angachiyendetse ndi katundu."

Ndinali nditamwaza malipiro anga, ndaphwanya pangano ndi alamu, ndipo tsopano galimoto imene imadyetsa banja lonse inali yosayendetseka. Ndinatola masawu a eni ake pamodzi ndi mwini wake, ndikupepesa, misozi ili pafupi.

Achimwene analowa m'galimoto. Anazula mwendo pamaso pa gulu lonse limene linasonkhana, nandipatsa pawindo, nakoletsa mpini. Ulendo woyamba Njati inalumpha n'kuzima, monga inachitira ndi amesitiri. Anthu anaseka. Iwo sanalizenso injini msanga. Anakhala akukankha ndi kubweza mpini uja, injini ili chete, mutu atapendeketsa ngati munthu womvetsera mphika ngati wayamba kuwira. Kenako analiza. Anabweza mpini pang'ono, naima, nabwezanso pang'ono kwambiri moti ine sindinaone dzanja likusuntha. Njati inanjenjemera, kenako inayenda. Inazungulira mtengo wa mango, inabwerera chambuyo, n'kudzaima pamapazi anga. Amesitiri anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

Tinapakira malata, simenti ndi mchere, anthu n'kukwera pamwamba pake, amuna ali ndi miyala yawo. Ndinakangana nawo achimwene mpaka anasiya matumba awiri a simenti kuti adzatenge ulendo wina, ndikuwakumbutsa mawu a amayi Tembo. Anavomera ndi pakamwa, mtima sindikudziwa. Pa tara zinayenda bwino, koma ine ndinkadikira pa Tsikani. Tinafikapo dzuwa litapendeka. Titatsikira mumchenga wa mtsinje, azimayi anayamba kumanga zitenje kuti atsike, amuna atakonzeka kudumpha. Achimwene anatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti asatsike munthu.

Ndinatseka maso, kenako ndinawatsegula, chifukwa kufa osaona n'kopusa. Anakankha mpini, nalowetsa giya yoyamba, naubweza mwa kachitidwe kawo kaja. Injini sinabangule. Inangong'ung'udza pansipansi, matayala n'kuluma dothi, ndipo tinakwera chitunda chonse ngati tikupita ku tchalitchi. Ndinanunkhiza mpweya kufunafuna fungo la nsapato yopsa lija, koma munali fungo la fumbi ndi mchere basi. Pamwamba pake anthu anaimba m'manja, ndipo ndinamva miyala ikugwera m'tchire umodziumodzi. Nkhalamba ya majekete awiri, imene tinaitolanso pa tara, inakana kutaya wake. Inati tione kaye sabata yamawa.

Dzuwa likufiira tinafika pa mkuyu paja. Achimwene anaimika galimoto monga mwa masiku onse, natambasula dzanja.

"Bweretsa mwendo."

Ndinaugwira zolimba. Ndinawauza kuti ayang'ane nsalu ya pachitsa. Masiku atatu a ulendo, maenje a ku Katete, kuyenda wapansi pa chipata cha malire, koma nsaluyo inali youma. Magazi amene alamu amachapa ankachokera pa kamtunda kameneka, kuyambira pa mkuyu mpaka pakhomo, kamene amaponda kilachi ndi chitsa pofuna kubisa. Ndinawakumbutsanso kuti kilachi yatsopanoyi yakana phazi la amesitiri, la mnofu ndi magazi, nanga mwendo wosamva kanthu ukaitha bwanji mumchenga muja.

"Roza, unadziwa zimenezi pogula?"

"Sindinadziwe, achimwene. Ndaziona pompano. Pitirizani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona kuti akuopa, munthu amene sanaope kubwerera chambuyo pa Tsikani. Kumbuyo wina anamenya denga n'kufunsa ngati tigona pamenepo. Achimwene anapuma mozama, nakankha mpini.

Titaima pakhomo, alamu anatuluka m'nyumba akupukuta manja pa chitenje. Anayamba kuyang'ana ine, kufuna kuwerenga pankhope ngati ntchito ija ndaigwira. Ndinayang'ana kumbali. Anazungulira n'kutsegula chitseko cha amuna awo, monga amachitira kuti alandire chikwama. Anaona buluku lokwinya. Anaona mwendo uli pamiyendo panga. Anaona mpini uli m'dzanja la achimwene, nsonga yake ili pa chopondera. Anthu a kumbuyo aja, amene nthawi zonse amatsika ndi phokoso, anangosuzumira ali pamwamba pa malata.

Alamu anawerama n'kukhudza nsalu ya pachitsa, naitembenuza uku ndi uku, nayang'ana zala zawo. Kenako anagwira mpini uja, naupendeketsa, nasisita ndi chala pamene panali kachipsera ka moto.

"Uwu ndi mpini wa khasu langa," anatero. "Ndinakhala mwezi wathunthu osalankhulana ndi anansi chifukwa cha mpini umenewu."

Makiyi anali akadali pa galimoto, ndipo tonse atatu tinkawaona. Alamu anawayang'ana makiyiwo, nayang'ananso nsalu youma ija, n'kuusiya mpini.

"Mawa mundisemere wina. Uwu wapeza ntchito."

Ndinapita ku Katete kukagula chitsulo choti chichotse munthu pampando wake, ndipo ndinabwera ndi chitsulo chimene chimamvera munthu mmodzi yekhayo. Sindinganene kuti ndinachita mwanzeru, ndinachita ndi mantha. Chimene ndinatolapo n'chakuti posankha kilachi sayang'ana injini ndi katundu zokha, amayang'ananso amene adzaigwire, ndipo ndi bwino kukhala naye kutsogolo ulendo umodzi usanamuweruze. Tsiku lobwerera ku Tete ndinakweranso Njati kukafika pa tara. Achimwene anazulira mwendo pakhomo pomwe, ana akuona, ndipo amene anaulandira n'kundipatsira pawindo anali alamu.